Bambi Bucket: ndowa yozimitsira moto imene woyendetsa helikopita angaitaye pakagwa vuto

Amene amakhala ku Cape Town anaiona mu Epulo 2021, pamene moto unatsika phiri la Table Mountain n'kutentha laibulale ya Jagger pa yunivesite ya Cape Town. Mahelikopita achikasu a Working on Fire, bungwe lozimitsa moto wa m'tchire ku South Africa, ankangosinthana m'mwamba, pansi pa iliyonse pakulendewera chindowa. Ndowa imeneyi dzina lake ndi Bambi Bucket. Anaiyambitsa Don Arney wa ku Canada kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo imapangidwa ndi kampani ya SEI Industries ku Delta, m'chigawo cha British Columbia. Zilipo zazing'ono za malita 270, zilipo zikuluzikulu za malita oposa 9,000 zimene amanyamula ndi mahelikopita aakulu ngati Chinook.

Ife ndowayi timaiyamikira, makamaka pa chifukwa ichi: injini ikazima, woyendetsa amadina batani limodzi, katundu wolemera tani yathunthu n'kuchoka pa helikopita nthawi yomweyo. Koma zimenezi zimatheka pokhapokha ndowayo itakolekedwa molondola, ndipo zolakwika zambiri zimachitikira pansi, helikopita isananyamuke n'komwe.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Thupi lake ndi nsalu yolimba yosalowa madzi, yolimbitsidwa ndi timizati topyapyala m'mbali. Kukamwa kuli masipoko amene amaitambasula ngati ambulera, choncho ikapindidwa imalowa m'chikwama n'kukwera m'helikopita momwemo popita kumoto. Mbali imodzi anaikako zitsulo zolemera, kotero ikangokhudza madzi imapendekera mbali imeneyo n'kumira yokha. Pansi pali valavu yansalu yooneka ngati bere la ng'ombe, imene imakokeredwa m'kati mwa ndowa, kukamwa kwake kutamangidwa ndi tizingwe monga amamangira thumba. Waya wogwira valavuyo amakwera mpaka ku kabokosi kachitsulo kamene kamalendewera pansi pa helikopita. Woyendetsa akadina batani, magetsi a helikopita amamasula loko m'kabokosimo, kulemera kwa madzi kumakankhira valavu kunja, madzi n'kukhuthuka. Kenako sipuling'i imakulunga waya uja n'kubweza valavu pamalo pake. Palibe mota, palibe mapaipi. Zoti zingawonongeke n'zochepa, ndipo zambiri makaniko amazikonza pabwalo pomwepo.

Chofooka cha ndowa yoyambirirayi n'chakuti valavu ikatseguka siitsekekanso pakati, madzi amatuluka onse. Woyendetsa akaona kuti watunga ambiri kuposa mphamvu ya helikopita, sangapungule pang'ono. Amataya onse n'kutunganso. Mitundu ya Bambi MAX ndi Torrentula inakonza zimenezi, chifukwa valavu yake imatseguka ndi kutsekeka kangapo pa ulendo umodzi, koma ili ndi zamagetsi zambiri zofuna chisamaliro. Chofooka china ndi kuya kwa madzi. Kumapeto kwa chilimwe, pamene moto umavuta kwambiri, madamu amakhala ataphwa ndipo ndowa singamire yonse. Apo pamafunika mtundu wokhala ndi mapampu a PowerFill, umene umayamwa madzi ngakhale akuya pafupifupi theka la mita.

Nkhani ya kulemera ndiyo yofunika kuikhalira pansi. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Ndowa ya malita 1,225 ikadzaza, kuphatikiza kulemera kwa iyo mwini, imafika pafupifupi makilogalamu 1,300, pamene mbedza ya katundu ya helikopita ya Airbus H125 malire ake ndi makilogalamu 1,400. Papepala zikukwana. Koma kumapiri, masana dzuwa likuswa mtengo, mpweya umapepuka, mapiko sagwira bwino ndipo injini siitulutsa mphamvu imene imatulutsa m'mawa kugombe la nyanja. Helikopita yomweyo, itangomwa mafuta odzaza thanki, imalephera kunyamula katundu amene inanyamula dzulo. N'chifukwa chake ndowayi ili ndi lamba wozungulira m'chiuno amene amamangidwa kuti ichepe kufika pa 90, 80 kapena 70 peresenti. Pa 70 peresenti, ndowa ija imatenga malita pafupifupi 860 okha. Lambayu amasinthidwa pansi, choncho kuwerengera kumachitika kale: kutentha kwa tsikulo, kutalika kwa malo, mafuta amene ali m'thanki. Kakokedwe nakonso kali ndi mbali yake. Kuizula m'madzi mofulumira kumaitukumula ndipo imatuluka ndi madzi ambiri. Kuizula pang'onopang'ono imatuluka ndi ochepa. Sikelo ya pa mbedza, yoonetsa kulemera kwa katundu pamaso pa woyendetsa, ife timaiona ngati yosayenera kusowa.

Ngozi yaikulu ya ndowayi imabwera ikakhala yopanda madzi. Yodzaza imalendewera bwino chifukwa ndi yolemera. Ikakhuthula imapepuka, mphepo imaikankhira kumbuyo ndi m'mwamba, kumene kuli timapiko ta kumchira. Timapiko timeneti tikamenya waya kapena nsalu, helikopita imayamba kuzungulira yokha ndipo nthawi zambiri palibenso chochita. Malangizo a opanga ake ndi omveka: yezani kuchokera pa mbedza mpaka pansonga ya timapiko ta kumchira, kenako yezani ndowa yonse itatambasulidwa pansi, valavu itatuluka kunja. Ndowa ikhale yofupikirapo ndi masentimita 15 kapena kuposa. Ngati mukufuna chingwe chowonjezera, chikhale cha mamita 15 kapena kuposerapo, kuti ndowa ikhale kutali ndithu. Utali wapakatikati ndiwo umapha, chifukwa umaika ndowa pamalo enieni pamene ingafike kumchira. Muyeso umenewu ubwerezedwe nthawi iliyonse ndowa ikasamutsidwira pa helikopita ina, ngakhale ya mtundu womwewo. Liwiro lisapitirire ma knot 80, omwe ndi pafupifupi makilomita 148 pa ola, ndipo pokhuthula madzi lichepe kwambiri.

Tsopano kutera kwadzidzidzi. Helikopita injini ikazima siigwa ngati mwala. Woyendetsa amatsitsiratu collective, ndodo ya kudzanja lamanzere, kuti mpweya wochokera pansi uzizunguza mapiko aakulu. Akayandikira nthaka amadzutsa mphuno ya helikopita kuti liwiro lichepe, kenako amakoka collective kuti afike mofewa. Zimenezi zimafuna kuti akhale pamwamba mokwanira kapena akhale ndi liwiro. Potunga madzi alibe zonse ziwiri: waima malo amodzi, mamita ochepa pamwamba pa damu. M'buku la helikopita ya injini imodzi muli tchati chosonyeza kutalika ndi liwiro zimene munthu sangaterere bwino injini itazima, ndipo ntchito ya ndowa imachitikira m'dera loopsalo tsiku lonse. Chimene chimathandiza ndi kuchotsa katundu msanga.

Pali mabatani awiri, ndipo ntchito zawo n'zosiyana. Lina limatsegula valavu: ngati mphamvu yangochepa, kapena helikopita ikukana kukwera, kukhuthula madzi n'kokwanira. Lina limatsegula mbedza, ndowa yonse ndi zingwe zake n'kugwa. Injini ikazima, kapena ndowa ikakodwa pa chitsa cha pansi pa madzi, ndi lachiwirili, popanda kuganizira mtengo wa ndowa. Mabataniwa akhale osiyana pogwira, oti chala chiwazindikire maso ali panja. Ndowa zambiri zagwa pamene panalibe vuto lililonse, chifukwa choti woyendetsa anadina batani lolakwika. Kuwonjezera pa batani lamagetsi, mbedza ili ndi chomasulira chamanja kapena cha phazi. Pa helikopita ya Bell UH-1H ndi pedulo imene ili pakati pa mapedulo owongolera mchira. Zonse ziwiri ziyesedwe m'mawa uliwonse ndowa itakolekedwa. Ndipo waya wamagetsi wopita ku kabokosi kaja akhale ndi pulagi yozuka yokha ikakokedwa. Munthu akaimanga ndi tepi wambiri kuti isamazuke m'njira, kapena akamangirira wayayo ku mwendo wa helikopita, ndowa yotayidwa imatsala ikulendewera pa nthawi imene imayenera kuti yapita.

Mphete yolowa mu mbedza ikhale ya saizi imene opanga mbedzayo analemba. Yaikulu kwambiri imatha kupotoka n'kupulumuka yokha pa mlomo wa mbedza, yaing'ono imatha kukanirira osatuluka. Ponyamuka, munthu wa pansi aonetsetse kuti palibe chingwe chimene chadutsa pamwamba pa mwendo wa helikopita, chifukwa katundu akakoka mbali imodzi helikopita imagubuduka.

Malo otungira asankhidwe helikopita ili pamwamba, isanatsike. Mawaya amagetsi odutsa pamadamu saoneka. Chimene chimaoneka ndi mapolo, choncho yang'anani mapolo. Lowani moyang'anizana ndi mphepo. Kutsika mowongoka mphepo ili kumsana kumalowetsa helikopita mu mpweya wake womwe umene ikukankhira pansi, ndipo imamira ngakhale injini ili bwinobwino. Kutsogolo kwa potulukira kukhale malo oyera, oti pakavuta muterepo. Madzi odekha ngati galasi amanyenga maso pa za kutalika, n'chifukwa chake ndi bwino kutunga pafupi ndi gombe pamene pali bango kapena miyala yoyezerapo.

Anthu a pansi agwirizane ndi woyendetsa asanayambe: pakagwa vuto helikopita ipita mbali iti, iwo athawira mbali iti. Asaime pansi pa ndowa kapena m'njira yake, pakuti tani ya madzi yogwa kuchokera m'mwamba imathyola nthambi ndi kugwetsa munthu. Asagwire chingwe chisanakhudze nthaka, chifukwa helikopita imasonkhanitsa magetsi pouluka ndipo amamenya zolimba.

Poyerekeza ndi thanki yomangirira pamimba pa helikopita, imene imayamwa madzi ndi paipi, ndowa ndi yotsika mtengo, imakolekedwa pa mphindi zochepa, ndipo ndi chingwe chachitali imatunga m'zigwa ndi pakati pa mitengo pamene thanki singafike. Thanki imaposa pamene njira ikudutsa pamwamba pa nyumba za anthu, chifukwa ilibe chimene chingagwe. Kwa eni minda ya mitengo ndi makampani amene helikopita yawo imagwiranso ntchito zina, ndowa ndiyo yoyenera, ndipo ngati ndalama zilipo, mtundu wa valavu yotsekeka pakati ndi wabwino kumalo okwera ndi otentha.

Ikatunga m'nyanja ya mchere kapena ikagwira mankhwala a thovu, itsukidwe ndi madzi abwino tsiku lomwelo, iume kaye isanapindidwe, ndipo isungidwe pamthunzi chifukwa dzuwa limaumitsa nsalu. Mawaya oilendewetsa apimidwe limodzilimodzi, makamaka pamene amalumikizana ndi zitsulo. Waya amene wayamba kusosoka asinthidwe, osati kukulungidwa tepi. Tizingwe ta valavu timatha msanga kuposa china chilichonse, ndipo tikayamba kulekerera, ndowa imadontha njira yonse n'kufika pamoto itachepa madzi. Tizingwe tapadera tizikhala m'chikwama cha ndowa momwemo.