Backup Wizard ya cPanel ndi yothandiza, koma database ikatsala sikuuzani

Mawebusaiti ena a kuno kum'mawa kwa Zambia, a malojo a ku Mfuwe, a masukulu ndi a masitolo a m'tauni ya Chipata, ndi a WordPress (pulogalamu yopangira mawebusaiti) pa hosting ya cPanel, tsamba limene kampani yosunga webusaiti yanu imakupatsani kuti muziyendetsera akaunti yanu. Backup Wizard, chida chopangira kopi ya webusaiti yoti musunge, imabwera ili kale mu cPanel, simulipira china chapadera, ndipo ngakhale munthu wosazolowera makompyuta atha kuigwiritsa ntchito. Pamenepo tikuiyamikira. Chotidandaulitsa n'chakuti mutha kutsitsa fayilo yaikulu yooneka bwinobwino koma mulibe database (mosungira nkhani ndi zolemba za webusaiti), n'kudzazindikira mochedwa, webusaiti itafika kale pa seva yatsopano ikungolemba kuti "Error establishing a database connection".

Anthu ambiri amasochera pa Partial Backup, yotenga zigawo za akaunti padera. Amadina Home Directory poganiza kuti atenga zonse. M'menemo muli zithunzi, ma theme, ma plugin ndi maimelo, koma nkhani zimene munalemba, mitengo ya katundu, mayina a makasitomala ndi mabuking zonse zimakhala mu database, imene seva imasunga kwina, kawirikawiri mu /var/lib/mysql, kunja kwa foda yanu. Kutenga Home Directory yokha kuli ngati kusenza nkhokwe n'kusiya chimanga. Pitani pa MySQL Databases mutsitse database iliyonse payokha. Imabwera ngati fayilo yothera ndi.sql.gz.

Full Backup ndiyo imayenera kutenga zonse, koma simungaibwezeretse nokha, amabwezeretsa ndi a hosting kudzera mu WHM, tsamba lawo loyendetsera seva yonse. Imalembedwanso m'malo omwewo amene munagula, choncho ngati mwa 5 GB mwadzaza kale 4 GB, mwina siikwanamo.

Musaikhulupirire Full Backup musanaitsegule. Tsegulani fayilo yake ya .tar.gz ndi pulogalamu ya 7-Zip, mulowe mu foda yotchedwa mysql, muone ngati muli fayilo ya .sql ya dzina lofanana ndi la pa mzere wa DB_NAME mu wp-config.php, fayilo imene imauza WordPress database yoti igwiritse ntchito. Ngati mulibe, yambani ndi mzere wa DB_HOST m'fayilo yomweyo. Ukakhala kuti sunalembedwe localhost (kutanthauza seva yomweyo), mwina database ili pa seva ina imene backup ya akaunti yanu siifikako. Ngati ndi localhost, nthawi zambiri vuto ndi umwini. cPanel ili ndi kaundula wake wonena kuti database yakuti ndi ya akaunti yakuti, ndipo imangotenga zimene zili m'kaundulamo. Database imene wina anaipanga ali root (woyang'anira seva yonse), osadzera mu cPanel, imagwira ntchito bwino lomwe, webusaiti imatseguka tsiku lililonse, koma backup imailambalala osanena kanthu. Apa ndi pamene chidachi chimatikhumudwitsa kwambiri, chifukwa mwini webusaiti alibe chomuchenjeza. Uzani a hosting ailembetse ku akaunti yanu ndi Database Map Tool ya mu WHM, kenako mupange backup ina. Tebulo ya mu database yowonongeka, imene imalemba kuti "marked as crashed", nayonso imadula dump (fayilo ya .sql ija) panjira. Yambani mwadina Repair Database.

China si mlandu wa cPanel, koma kuno chimachitika kawirikawiri. Malaiti a ZESCO akazima kapena bandulo ikatha muli mkati motsitsa, fayilo imatsala yoduka koma dzina lake lili bwino. Yerekezani kukula kwake ndi kwa imene ili mu File Manager, ndipo muiyese ndi Test ya 7-Zip. Dump yopangidwa ndi pulogalamu ya mysqldump ikakhala yathunthu, mzere wake womaliza umayamba ndi "-- Dump completed".

Pa seva yatsopano, nthawi zina database imakhala kuti yafika koma webusaiti siikuiona. cPanel imaika dzina la akaunti kutsogolo kwa dzina la database, ndiye akaunti ikasintha dzina, database yotchedwa lakale_wp, mwachitsanzo, imasanduka latsopano_wp. Konzani DB_NAME ndi DB_USER mu wp-config.php. Fayilo ya .sql.gz sibweretsa user (dzina lolowera mu database), choncho mupangeni, mumulumikize ku database ndi Add User To Database, mumupatse ALL PRIVILEGES, ndipo pasiwedi ifanane ndi ya mu wp-config.php. Mukaona "Unknown collation: utf8mb4_0900_ai_ci", dump yachokera ku MySQL 8 ndipo ikulowa mu MariaDB kapena MySQL yakale, sinthani mawuwo m'fayilo monse akhale utf8mb4_unicode_ci. Database yaikulu phpMyAdmin, chida cholowetsera database, imaikana, malire ake amakhala 50 MB pa hosting zambiri, ndiye ilowetseni pa SSH (njira yolamulira seva polemba malamulo) kapena mupemphe a hosting.

Kwa webusaiti yaing'ono imene sisinthasintha, Backup Wizard ndi yokwanira, bola muzitsegula fayilo n'kuona. Kwa lojo kapena sitolo ya pa intaneti ya WooCommerce, yokha siikwanira. Musathetse hosting yakale musanayese yatsopano, ndipo musasamuke m'masiku a mabuking ambiri, monga kumapeto kwa February pa Nc'wala ku Mtenguleni kapena mu August pa Kulamba ku Katete. Buking iliyonse yolowa mutapanga kale backup imatsala mu database yakale. Ikani webusaiti pa maintenance mode (kuitseka kwa kanthawi), mutsitse dump yomaliza, muilowetse pa seva yatsopano, muwerenge matebulo mbali zonse ziwiri mu phpMyAdmin, ndipo akafanana m'pamene musinthe DNS kuti dzina la webusaiti lilozere ku seva yatsopano.