Pampu ikangoyaka n'kuzima: mpweya, thanki yaikulu, kabokosi ka automatic kapena nsanja?

Pampu ya pachitsime ikayamba khalidwe loti iyake, ilire masekondi asanu, izime, kenako iyakenso munthu asanamalize n'kusamba m'manja komwe, alangizi amachuluka. Pulambala akuti gulani thanki yaikulu. Wamagetsi akuti swichi yatha. Mnyamata wa m'sitolo ya mapaipi m'tauni akukulozerani kabokosi ka automatic, ati mukaika kameneka mwathana nazo. Neba amene anamanga nsanja ya thanki ya madzi kalekale angokuyang'anani n'kupukusa mutu. Palibe amene akunama pa anthu amenewa, kungoti aliyense akutchula mankhwala a matenda amene iye anakumana nawo. Ndiye tiyeni tiziike pamodzi njirazi, tione iliyonse imachiza chiyani komanso imalephera pati.

Chofulumirira chilipo. Mota ikamayaka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pamene ikuyenda, ndipo kutentha kumene kumabwera nthawi imeneyo kumachoka pokhapokha motayo itayenda kaye. N'chifukwa chake opanga mapampu amati yaing'ono ya pakhomo ikayaka, iyende mphindi imodzi yathunthu isanazime. Kampani ya Franklin Electric, imene imapanga mamota olowa pansi pa madzi, inaika malire: mota yosaposa 0.55 kW iziyaka kosapitirira ka 300 pa tsiku, pomwe ya magetsi a m'nyumba yoyambira 0.75 kW kufika 4 kW malire ake ndi ka 100 basi. Pampu imene ikuyaka kanayi pa mphindi imodzi imamaliza ka 100 kameneko mayi asanathe kuchapa. Choyamba kufa kawirikawiri ndi kapasita (kachipangizo kothandiza mota kuyaka) kapena timano ta m'swichi ya presha, imene imayatsa ndi kuzimitsa pampu, kenako mota yeniyeniyo. Mayunitsi a ESCOM nawo amathamanga.

Musanatulutse ndalama, imani pa geji ya presha kwa mphindi khumi mipope yonse ili yotseka. Muvi ukakhala pamodzimodzi, pampu n'kukhala chete, koma n'kuyamba misala yake mukangotsegula mpope, vuto lili pa thanki ya presha, kathanki ka pambali pa pampu. Muvi ukamatsika wokha popanda wotunga madzi, pali pamene pakudontha, ndipo thanki mungagule yaikulu bwanji simuchiza. Apa tsekani gate valve yopita kunyumba. Muvi ukaima, kudonthako kuli kunyumba: yambani ndi thanki ya chimbudzi, imene imatha kumatsitsa madzi pang'onopang'ono usiku wonse osamveka, kenako yendani motsata paipi ya pansi, muone pamene kapinga wabiriwira yekha m'chilimwe. Muvi ukapitirizabe kutsika valve ili yotseka, madzi akubwerera m'chitsime. Ndiye kuti foot valve, imene imaletsa madzi kubwerera pansi, yagwira kamchenga, kapena paipi yotsikira pansi yang'aluka.

Pali matenda ena achitatu amene ife a kuno timawadziwa mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe. Mpope umatsokomola, kulavula mpweya ndi madzi amatope, geji n'kumavina. Pamenepo pampu ilibe mlandu, chitsime ndiye chatsika. Amene pampu yawo ili kumtunda, yochita kukoka madzi, adziwe kuti mtundu umenewu sukoka bwino kupyola mamita 7, ndipo kuno ku Zomba, poti tili pamtunda wa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, imachepekeranso pafupifupi mita imodzi.

Tiyambe ndi njira yotchipa, imene ambiri amaidumpha chifukwa palibe amene amaigulitsa: kubwezera mpweya m'thanki. Kathanki kofiira kapena kabuluu kamene kali pambali pa pampu si kosungira madzi akumwa. M'kati mwake muli chubu cha labala, madzi amalowa m'chubumo, ndipo kunja kwa chubu kuli mpweya wopanikizidwa. Mpweya umenewo ndi umene umakankha madzi kupita kumpope pampu ili chete. Ukatha, presha imakwera nthawi yomweyo pampu ikangoyaka, n'kugwanso nthawi yomweyo mukangotsegula mpope, chifukwa madzi safinyika.

Kachitidwe kake ndi aka. Zimitsani magetsi a pampu, osati pa swichi ya presha koma pa bokosi lalikulu la magetsi. Tsegulani mpope mpaka madzi asiyiretu kutuluka, ndipo muusiye chitsegulire. Kumbuyo kapena pamwamba pa thanki pali kachivindikiro ka pulasitiki. Mukakachotsa mupeza kamlomo kopopera, kofanana ndendende ndi ka tayala la galimoto. Dinani kasingano kake ndi msomali. Mukamva mpweya pang'ono kapena osamva kalikonse, nkhani ndi yabwino. Mukaona madzi akutuluka pa kamlomoko, chubu chaphulika, ndipo kupopa n'kutaya thukuta. Ngati chubu chili bwino, bwerekani pampu ya njinga kwa wa kabaza ndi geji yoyezera matayala, mupope mpaka mpweya ukhale pansi pang'ono pa presha imene pampu imayakira. Ikamayaka pa 2 bar, ikani 1.8. Ngati geji yanu imawerenga psi ndipo swichi ndi ya 30 ndi 50, ikani 28. Mukatha, pakani malovu kapena thovu la sopo pa kamlomoko. Pakatuluka timathovu, kamtima kake n'kotha, ndipo wokonza matayala aliyense ali nako.

Cholakwika chimene ndimaona kawirikawiri n'kuyeza mpweya madzi akadali m'thanki. Geji imakuonetsani presha ya madzi, inu n'kumati mpweya ulimo wokwanira pamene mulibe. Ena amapopa mopyoza poganiza kuti wambiri ndiye wabwino, zotsatira zake madzi amadukiza kaye pampu isanayake, munthu ali ndi sopo kumaso. Ubwino wa njirayi n'ngwoti siwononga ndalama ndipo pa nyumba zambiri vuto limathera pomwepa. Kuipa kwake, si ya kamodzi n'kamodzi. Mpweya umathawa pang'onopang'ono ngakhale chubu chili chabwino, choncho muziyeza kawiri pa chaka.

Chubu chikaphulika, pali kusankha pakati pa kugula chubu chokha ndi kusintha thanki yonse. Matanki amene ali ndi mbale ya mabawuti pansi kapena kutsogolo amalola kusintha chubu. Koma yang'anani m'kati musanagule. Madzi akakhalitsa kunja kwa chubu amadya chitsulo, makamaka kumunsi cha ku Nyanja ya Chilwa kumene zitsime zina madzi ake ndi amchere, ndipo dzimbiri lakuthwa limaboola chubu chatsopano posachedwa.

Tsopano za thanki yaikulu, ndipo apa pulambala uja ali ndi mfundo yoposa mmene iye akudziwira. Thanki ya malita 24, imene imabwera pamodzi ndi mapampu ambiri, sipereka malita 24. Pa swichi yoyaka pa 2 bar n'kuzima pa 3.5, madzi amene amatuluka pampu isanayakenso ndi pafupifupi limodzi mwa magawo atatu a thankiyo: malita 7 kapena 8. Ya malita 50 imapereka 15, ya malita 100 imapereka 30 kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye tengani ndowa ya malita 20 ndi wotchi ya pafoni, muone pampu yanu imadzaza ndowayo m'masekondi angati. Ikadzaza m'masekondi 40, ndiye kuti ikutulutsa malita 30 pa mphindi, ndipo kathanki ka malita 24 imakadzaza m'masekondi 15 okha. Palibe chowonongeka pamenepo, chilichonse chili bwinobwino, koma pampu ikuyaka-zimabe chifukwa anaikwatitsa ndi thanki yosayenera msinkhu wake. Nyumba yotere imafuna ya malita 100. Simukuyeneranso kutaya yakale ngati ili yamoyo. Matanki awiri amatha kulumikizidwa pa paipi imodzi, bola mpweya wake ukhale wofanana.

Kupotokola manati a swichi ndiko ndimakuika kumapeto kwenikweni. Mukavundukula swichi mupeza masipuling'i awiri. Nati yaikulu imakweza kapena kutsitsa poyakira ndi pozimira pamodzi, yaing'ono imatalikitsa mpata wa pakati pake. N'zoona kuti mpata ukakula thanki imapereka madzi ochulukirapo, koma ndi angati? Kuchotsa pozimira pa 3.5 kufikitsa pa 4 bar, kathanki ka malita 24 kamangoonjezera lita imodzi ndi theka. Posinthana ndi lita imodzi ndi theka imeneyo, mukhoza kuika presha imene pampu singaifikire, ndiye siizimanso mpaka kupsa, kapena kumasula majointi a mapaipi a PVC amene anamatidwa mothamanga. Swichi ili ndi zake zofunika kuziona, koma si manati. Kabowo kolowera madzi pansi pake kamatsekeka ndi matope ndi dzimbiri. Nyerere zimakonda kumanga m'katimo nthawi ya mvula, n'kufera pakati pa timano. Ndipo swichi ikaikidwa kutali ndi thanki, imanjenjemera, kuyatsa ndi kuzimitsa kangapo pa sekondi imodzi. Isunthireni pafupi ndi thanki. Zonsezi magetsi ali ozimitsa, chonde, muli 230 volts mmenemo.

Kabokosi ka automatic anthu amakakonda chifukwa n'kaukhondo, sikadya malo, ndipo kamachotsa thanki ndi swichi zonse. Kamayatsa pampu presha ikatsika, kawirikawiri pa 1.5 bar, ndipo sikazimitsa malinga madzi akuyenda. Kamadikira mpope utsekedwe, papite masekondi angapo. Posamba kapena pothirira dimba ndi kabwino zedi, madzi amabwera mofanana osati mokwera n'kutsika. Tambiri timazimitsanso pampu chitsime chikauma, chimene swichi wamba sichita, ndipo kwa mwini chitsime chofooka zimenezi zikhoza kupulumutsa mota. Koma kalibe posungira madzi. Mwana akatunga kapu imodzi, pampu yayaka. Wina akasukusula, yayakanso. Mpope ukamadontha, kabokosika kamayatsa pampu usiku wonse mobwerezabwereza kuposa mmene thanki yakale ija inkachitira. Amene anakagula kuti athetse vuto la kudontha anangolikulitsa. Pa nyumba ya anthu awiri, ya mapaipi atsopano, ndingavomereze. Pa nyumba za lendi za ana asukulu ngati za ku Chikanda, kumene mipope imatsegulidwa kosalekeza ndipo wosamala za kudontha palibe, ayi.

Aliponso makina osintha liwiro la mota malinga ndi madzi amene akufunika. Amagwira ntchito bwino ndithu ndipo amayatsa mota mofatsa, koma mtengo wake ndi wina, sagwirizana ndi magetsi obwera mokwera n'kutsika kapena ziphaliwali za m'Disembala, ndipo akafa wokonza simumupeza pafupi. Pa nyumba wamba ndingawadumphe.

Yatsala nsanja, ndipo ine mtima wanga uli kumeneku. Njira zonse zija zikulimbana ndi kuchepetsa kuyaka kwa pampu imene ikuperekabe madzi molunjika kumpope. Thanki ya pansanja imachotseratu mgwirizano umenewo. Pampu ntchito yake imangokhala kudzaza thanki ya malita 2,000 kapena 5,000, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, n'kupuma. Madzi amatsika okha. Chachikulu kuposa zonse, magetsi akathima madzi alipo. Thanki ya presha ya malita 100 imakupatsani ndowa imodzi ndi theka magetsi akapita, kabokosi ka automatic sikakupatsani ngakhale dontho. Amene alinso ndi mpope wa Southern Region Water Board ndipo chitsime n'chongothandizira, thanki ya pamwamba ndi imene imawapulumutsa tsiku limene zonse ziwiri zasowa. Ndipo ngati mukulingalira za sola m'tsogolo, pampu ya sola imafuna thanki yotereyi.

Kuipa kwake sindibisa. Presha ndi yochepa. Mamita 10 a kutalika ndiwo amapereka 1 bar, choncho nsanja ya mamita 6 imapereka 0.6 bar pansi, ndipo pa shawa, imene ili mamita awiri m'mwamba, pamatsala 0.4. Amene anazolowera 3 bar adzadandaula. Mapaipi okulirapo kuchokera pa thanki amathandiza, koma safikitsa pomwe panali. Ndalama zoyambira n'zambiri, ndipo nsanja si yopangitsa kwa wowotcherera mawindo: malita 1,000 amalemera tani imodzi, thanki ya malita 5,000 ndi matani asanu ali pamwamba pa bwalo limene ana amasewera. Mwayi wathu kuno ndi phiri. Mapuloti ambiri a m'mphepete mwake ndi otsetsereka, ndipo ngati kumtunda kwa puloti yanu kuli kokwera mamita angapo kuposa denga, thanki ikhoza kukhala pa silabu ya simenti pansi, nsanja osaifuna n'komwe.

Pomanga, zinthu ziwiri zimasokoneza anthu. Amisiri ena amasiya swichi ya presha ija pa pampu, m'thanki ya pamwamba n'kuikamo ball valve ngati ya m'chimbudzi. Valve imeneyi imatseka pang'onopang'ono thanki ikamadzaza, presha n'kumakwera ndi kutsika, ndipo pampu imayambiranso kuyaka-zima kumene munathawa kuja. Komanso madzi akangotsika pang'ono imatsegula, pampu n'kuyaka. Chofunika ndi float switch, ija yoyandama ya chingwe, ndipo chingwecho mupatse utali wokwanira kuti pampu iziyaka thanki ikafika pakati, osati ikangotsika zala zinayi. Chachiwiri ndi chitsime chenichenicho. Kukoka malita 1,000 ulendo umodzi ndi katundu amene chitsime chokumba pamanja mwina sichinanyamulepo. Ngati chanu chimafooka m'chilimwe, ikani valve pa paipi yotuluka m'pampu n'kuibana pang'ono kuti madzi azikwera mofatsa, ndipo m'chitsimemo muikenso float switch yachiwiri yodula magetsi madzi asanatsike kufika pa mlomo wa pampu.