Tinapita ku Majete ndi ababa kukaona njovu, ndemanga yanga ndi iyi

Ndakhala ndikufuna kulemba izi chibwerereni koma ntchito zinandichuluka, ndiye lero ndati basi ndilembe mwina wina zimuthandiza. Ine ndine wa ku Nchalo, ndinabadwira konkuno, ndakulira pakati pa nzimbe, ndipo dambo lalikulu lili kummawa kwathuku amalitcha Elephant Marsh chifukwa Livingstone podutsa mu 1859 anaonapo njovu pafupifupi 800. Koma ine mpaka msinkhu unowu njovu ndinkangoiona pa TV ndi mmabuku a kusukulu. Mudambomo muli mvuu, ng'ona, mbalame ndi asodzi, njovu mulibe, linatsala ndi dzina lokha.

Woyambitsa ulendowu ndi mwana wanga wa Sitandade 4. Anaona pa foni yanga, pa Facebook, chithunzi cha anthu atakwera njovu ku Thailand ndiye anangoti kakaka amama nanenso ndikufuna kukakwera njovu. Ababa anali pakhonde akumva, iwowo kwawo ndi kwa Chapananga ndipo anakulira mphepete mwa gemu ya Majete, malo osungirako nyama zakutchire, anangoti iwe mdzukulu njobvu sakwera, njobvu amaiona patali ndi ulemu. Iwo amati njobvu, satha kunena njovu ngati ife. Kenaka anati koma zoona zinabwereradi ku Majete kuja? Pamenepo ndinadziwa kuti ulendowu si wa mwana yekha.

Tinapita mu Seputembala, Loweruka. Tinabwereka galimoto ya munthu wina wa kwathu konkuno ife nkuthira mafuta, tinanyamuka 5 koloko kusanache bwinobwino, msewu wa M1 mpaka pa Dyeratu, kukhota kulowera ku boma la Chikwawa, kuchoka pa boma mpaka pa geti ndi makilomita ngati 20. Chigawo chomalizachi fumbi lake si lamasewera ndipo mabampu alipo, ngati muli ndi okalamba ayikeni kutsogolo. Ochokera ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 70, mukatsika mapiri aja mpaka pa Thabwa nkuwoloka mlatho wa Kamuzu ndiye kuti mwayandikira.

Pa geti la Mathithi anatilandira bwino kwambiri, mtsikana amene tinamupeza anawapatsa moni ababa mogwada pang'ono nkuwatcha agogo, mtima wanga unakhala pansi pomwepo chifukwa malo ena a alendo ukafika iwe Mmalawi amayamba akuyang'ana nsapato. Amalawi timalipira mtengo wotsika kusiyana ndi alendo akunja, tengani chiphaso cha unzika musaiwale. Mitengo imasintha ndiye imbani foni kaye musananyamuke, ife tinaimba kudakali sabata nkusungitsa malo mugalimoto yawo yotsegula mmbali ija pamodzi ndi gaidi. Ukhoza kuyenda ndi galimoto yako koma ine ndinganene kuti koyamba tengani gaidi, maso athu ife saona zomwe iwo amaona.

Ndiye tinalowa. Ola loyamba nswala, nswala, nswalanso, njiri zikuthamanga michira ili mmwamba, anyani, nyakodzwe pafupi ndi mtsinje, mvuu zikupuma mu Shire, nkhwazi pamtengo. Zokongola ndithu koma mwana anayamba kuwiringula kuti njovu zili kuti, nanenso mumtima ndinayamba kuwerengera ndalama za mafuta ndi za pageti. Gaidi wathu, bambo wachikulire pang'ono wa mmidzi yozungulira komweko, sananame kuti tiziona ndithu, anati amayi kuno si kukhola, malowa ndi masikweya kilomita 700 ndipo njovu zimapita komwe zafuna, ife timangotsata. Ababa anamugwira mdzukulu wawo paphewa nkunena kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Patapita nthawi gaidi anaimitsa galimoto nkutilozera ndowe pamsewu, zazikulu ngati mpira, zikadali zonyowa. Anatenga ndodo yaitali ali mugalimoto momwemo nkuswa imodzi, mkati munali timitengo, makungwa, udzu wosagayika bwino ndi njere za zipatso, nkutiuza kuti njovu yaikulu itha kudya chakudya cholemera makilogalamu 150 patsiku ndipo njere zambiri zimatuluka zamoyo nkukamera kutali, ndiye mitengo ina timaiona mtchiremu anadzala ndi njovu. Pambali panali mapazi, ozungulira ngati beseni, mkati mwake muli mizere ngati ya mchikhato, ndipo pakati pa aakuluwo panali tating'ono. Nthambi za tsanya zothyoledwa kumene, masamba asanafote. Ababa anayamba kununkhiza mphepo, anati zili pafupi izi, fungo ili ndikulidziwa. Gaidi anawayang'ana nkumwetulira.

Tinakhota pang'ono kutsikira kumadzi ndipo gaidi anazimitsa injini.

Abale inu. Poyamba sindinaone kanthu, ndinkangoona ngati miyala yotuwa pakati pa mitengo, kenaka mwala umodzi unagwedeza khutu. Zinatuluka imodziimodzi, ndinawerenga 11, kutsogolo kuli yaikazi yaikulu ya mnyanga umodzi wothyoka kunsonga, gaidi ananong'ona kuti gulu la njovu amatsogolera ndi mayi wamkulu, amuna akakula amachoka nkumayenda paokha. Chimene sindidzaiwala ndi kusamveka kwa mapazi. Chinyama chachikulu chonchija kudutsa mamita ochepa kuchokera pomwe tinali koma osamva mdidi, umangomva tchofu tchofu wa masamba ouma ndi kulira kwina kwa pansipansi kochokera mkati mwake komwe umakumva pachifuwa pako osati mmakutu. Khungu lake ndi lamakwinya ngati dothi la mdimba likang'aluka mu Okutobala, nsidze zazitali, fumbi lili mbuu pamsana. Panali kamwana kamodzi kakang'ono moti kamadutsa pansi pa mimba ya mayi ake, chitamba chake chikungolendewera sikanadziwe kuchigwiritsa ntchito, kanayesa kutunga madzi kanalephera kenaka kanangogwada nkuviika kamwa yonse mmadzi. Mayi ake anakakankha pang'ono ndi mwendo kuti kasalowe pakuya. Gaidi anati mimba ya njovu imatenga miyezi 22, ine monga mayi ndinangoti mayo.

Mayi wamkulu uja anatembenuka nkutiyang'ana, anatambasula makutu onse awiri. Gaidi anakweza dzanja kuti tikhale chete, sanalize injini, sanasunthe, tinangokhala zii. Patapita kanthawi anabweza makutu nkupitiriza kumwa. Tinakhala pamenepo mwina mphindi 40, palibe anatifulumizitsa.

Nditacheuka ndinapeza ababa avula chipewa achigwira pachifuwa, misozi ikutsika. Ine ababa sindinawaonepo akulira kupatula pa maliro a amayi. Pobwerera ndi pomwe anatiuza kuti njovu yomaliza kuiona iwo inali yakufa, anthu atachotsa kale minyanga, ntchentche zili ng'waa, ndipo kuyambira pamenepo ankangoti za njobvu zinatha. Zinathadi, gaidi anati pofika 1992 mu Majete munalibe njovu ngakhale imodzi, opha nyama mozemba anamaliza zonse, zipembere zinali zitatha kalekale. Malowa anakhazikitsidwa mu 1955 koma anasanduka tchire lopanda nyama. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa malowa, chaka chomwecho anabweretsa zipembere, mu 2006 njovu 70 zinabwera kuchokera ku Liwonde, mu 2009 zina 83 kuchokera ku Phirilongwe ku Mangochi komwe zinkalimbana ndi anthu mminda. Mikango inabwera mu 2012. Ndipo njovu zinaswana mpaka mu 2017 pafupifupi 150 anazinyamula pa malole kupita nazo ku Nkhotakota. Ababa anafunsa kawiri kuti mukuti Majete yemweyu anapatsako ena njobvu? Anangopukusa mutu.

Tsopano chimene chinandinyansa, ndipo si vuto la eni malo ayi, ndi alendo anzathu. Tili pomwe paja inafika galimoto ina ya anthu odziyendetsa okha, nyimbo zili pamwamba, mnyamata wina atatulutsa thupi lonse pawindo kuti ajambule selefi, wina nkuponya nthochi kuti njovu ibwere pafupi, ndipo dalaivala wawo analiza hutala. Mayi wamkulu uja analira mokweza, zonse zinazungulira kamwana kaja nkulowa mtchire changu, basi kutha. Gaidi wathu anawayandikira nkuwalankhula mwaulemu koma mosanyengerera, anawauza kuti kudyetsa nyama nkoletsedwa chifukwa njovu ikazolowera chakudya cha anthu imayamba kutsata magalimoto ndipo mapeto ake imadzavulaza munthu nayo nkuphedwa. Anatenga nambala ya galimoto yawo. Zinandipweteka chifukwa anali Amalawi anzathu, ndipo ababa anali asanakhute kuona. Chonde anthuni mukapita kumeneko sipika muzimitse, mowa mukamwere kunyumba.

Mwana wanga nkhani yokwera ija sanaiwale, anamufunsa gaidi kuti ankolo nanga zokwera zili kuti. Bamboyo sanamuseke, anamufotokozera bwinobwino kuti kuno kulibe njovu yokwera, yogwira kapena yojambulitsa nayo, ndipo kuti njovu ilole munthu kukhala pamsana nthawi zambiri amailanda kwa mayi ake ikadali yaing'ono, nkuimanga ndi unyolo, kuimenya ndi ngowe mpaka itagonja, ndipo msana wake umawonongeka ndi mipando ija. Anamufunsa kuti kamwana tinakaona kaja ungakonde atakachotsa kwa mayi ake? Mwana anati ayi, nkukhala duu kwa nthawi. Ine pamenepa ndi pomwe ndinaona kuti ndalama yanga yapita pabwino. Sindikufuna kulipira malo omwe nyama ikuvutika kuti ine ndipeze chithunzi, bola ndidikire maola awiri padzuwa ndione njovu ikuchita zake. Zithunzi zanga zambiri zinatuluka zakutali, zina nthambi zatchinga, koma ndikaziona ndimadziwa kuti palibe anaikakamiza njovuyo kuima pamenepo.

Ababa monga mlimi funso lawo linali la minda, anati nanga mapira a anthu? Gaidi anati gemu yonse inazunguliridwa ndi waya wa magetsi wotalika makilomita oposa 140 ndipo pali anthu ntchito yawo ndi kuyendera wayayo, sanabise kuti njovu ndi yanzeru ndipo nkhani ya nyama ndi minda siitheratu. Ndinakonda kuti sanatipake mafuta pakamwa. Ogwira ntchito ambiri ndi a mmidzi yozungulira, alipo ana omwe amalipiriridwa sukulu, ndipo alimi a njuchi amagulitsa uchi wawo, ife tinagula mabotolo awiri, ndi wabwino zedi pa phala. Chomwe chimandidandaulitsabe nchoti kwa munthu wamba wa kuno kuchigwa ulendo ngati uwu ndi wodula, makamaka mayendedwe, popanda galimoto nkovuta. Mukasonkherana mabanja awiri atatu kapena gulu la kumpingo zimapepuka.

Masana tinadya pa lesitilanti ya Mwembezi moyang'ana Shire, chakudya chinali bwino, ababa anasangalala kuti madzi anali ozizira. Kutentha kokha musakuderere ngakhale ndinu a konkuno, mugalimoto yotsegula dzuwa limakupeza mbali zonse, tengani madzi ambiri, chipewa, ndipo yambani mmamawa chifukwa dzuwa likakwera nyama zimabisala mmithunzi. Nyengo yachilimwe ndiye yabwino poti udzu ndi wochepa ndipo nyama zimatsikira kumadzi. Tisanatuluke tinaima pa mathithi a Kapichira pomwe ngalawa za Livingstone zinalephera kupitirira, pafupi ndi pomwe amapangira magetsi paja panawonongeka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, tonse tikukumbukira mdima wa nthawi imene ija. Mkango, kambuku ndi chipembere sitinazione, njati tinaziona patali, nyamalikiti ziwiri zinadutsa msewu tikubwerera.

Ndikupereka nyenyezi 5. Tagwirizana kuti chaka chamawa tidzapitenso tikagone pa kampu yotsika mtengo ili pafupi ndi geti ija kuti tidzayambe mbandakucha, ndipo ababa anena kale kuti adzatenga ang'ono awo a kwa Chapananga omwe mpaka lero akukana kuti njobvu zinabwerera. Botolo limodzi la uchi alisunga mchikwama, akuti nlokawapatsa iwowo.