Buku la anamapopa okanirira pakhomo pa eni: nyenyezi 4 mwa 5

Bukuli ndinaligula kwa anyamata ogulitsa mabuku akale ku Old Town mu Lilongwe, kufupi ndi depoti ya mabasi. Ndi la Chingerezi chosavuta, moti mwana wa Fomu 3 angathe kulimaliza yekha.

Azungu ali ndi nthano yakale yakuti vampire, chilombo chooneka ngati munthu chimene chimayamwa magazi, sichingalowe m'nyumba pokhapokha mwini wake atanena kuti "lowani". Wolembayu wafunsa funso labwino: nanga chikalowa, chituluka liti? Mayi wina wamasiye ku England akulandira banja la ma vampire atatu usiku wa mvula, akuti angogona tsiku limodzi. Miyezi ikutha, iwo ali pompo. Masana ali mtulo pabalaza, makatani atatseka. Usiku ali pa foni, kuitanitsa katundu pa intaneti ndi khadi la kubanki la mayiyo. Adyo yense wa kukhitchini anataya poti ma vampire amadana naye, kalilole wa kubafa anachotsa poti akuti sadzionamo.

Pondikomera kwambiri ndi pamene mayiyo akuyesa kuwathamangitsa mwaulemu. Akuwafunsa ngati kwawo sanawasowe, iwo n'kuyankha mwachisoni kuti nyumba yawo inagwa zaka 300 zapitazo. Ndinaseka mpaka misozi mu minibasi ya ku Area 25. Aliyense amene anasungapo m'bale wodzafuna ntchito mu Lilongwe muno amumvetsa mayiyu. Timati mlendo ndi mame, koma pali ena dzuwa limachita kuswa mtengo asanakamuke. Ndipo wolemba sanawasandutse adani alendowa. Pena umawamvera chifundo, chifukwa kulikonse kumene apita amathawidwa.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa pakati nkhani yazizira. Mitu yofotokoza za makolo a alendowa ku Transylvania, dera la m'dziko la Romania, yatalika mosayenera. Masamba akumapeto ayambanso kuthothoka, choncho pogula muyang'ane kaye kumsana kwa bukulo.

Kwa makolo anzanga: kwathu kuno nkhani ya anamapopa si yoseweretsa. Mu 2017 anthu anaphedwa m'chigawo cha kumwera chifukwa cha mphekesera chabe, mpaka bungwe la United Nations linachotsa ena mwa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe. Ndisanamupatse mwana wanga bukuli, ndinakhala naye pansi n'kumufotokozera kuti za m'menemu ndi zopeka, koma anthu amene anaphedwa aja anali enieni, osalakwa.