GAMSTOP imatseka chitseko ndithu, koma oitanira juga akadali pazenera

Ndakhala pa GAMSTOP kwa zaka ziwiri ndi miyezi ingapo tsopano, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndilembe zimene ndapeza, makamaka chifukwa cha Amalawi anzanga okhala kuno ku Britain amene amabetcha pa foni mwakachetechete, akunyumba osadziwa. GAMSTOP ndi ndondomeko yaulere imene munthu amalembetsako dzina lake kuti makampani onse a juga ya pa intaneti okhala ndi chiphaso cha Gambling Commission, bungwe loyang'anira juga kuno, azimukaniza kubetcha. Inayamba mu 2018, ndipo kuyambira pa 31 Malichi 2020 kampani iliyonse yokhala ndi chiphasochi inalamulidwa kulowamo. Anthu amene analembetsapo ndi oposa 500,000.

Ine ndimagwira ntchito ya usiku m'nyumba yosamalira okalamba. Cha m'ma 3 koloko, agogo onse akagona, m'chipinda chopumira mumangomveka firiji, ndipo nthawi imeneyo ndi imene foni inkandigonjetsa. Ndinayamba ndi mapaundi 5 pa mpira wa Loweruka, kenako ndinapita ku timasewera ta makina ozungulira tija, timene sitidikira kuti mpira uthe, pakuti mphindi imodzi yokha munthu amaluza kangapo. Mu Novembala wina ndinaluza mapaundi 300 amene tinasunga kuti titumize kwa mayi anga ku Kasungu ogulira feteleza. Mkazi wanga anandifunsa tikudya nsima, mosakweza mawu, kuti, "Abambo, ndalama za feteleza wa amayi zija mwatumiza?" Ndinasowa choyankha, ndipo usiku womwewo tinakhala pa tebulo la kukhitchini n'kutsegula tsamba la GAMSTOP.

Kulembetsa sikunativute. Amafuna dzina lonse, tsiku lobadwa, keyala, manambala a foni ndi maimelo, ndipo apa ndi pamene munthu ayenera kudekha. Ambirife tinasamukasamuka kuchokera tsiku limene tinafika m'dziko muno, ndipo makampani a juga amakudziwani potengera zimene munawapatsa tsiku limene munatsegula akaunti. Choncho lembani makeyala akale onse, manambala akale ndi imelo iliyonse imene munagwiritsapo ntchito, ndipo mukasamukanso kapena kusintha nambala, bwererani mukakonze. Munthu amasankha miyezi 6, chaka chimodzi kapena zaka 5. Ine chala changa chinalunjika pa miyezi 6, koma mkazi wanga anangondiyang'ana osanena kanthu, ndipo ndinasankha zaka 5. Chiletso chimayamba kugwira ntchito pasanathe maola 24.

Chimene ndikuyamikira koposa pa ndondomekoyi ndi chakuti munthu sangabweze mawu ake nthawi imene anasankha isanathe. Pa tsiku lachitatu, nthawi yomwe ija ya 3 koloko, ndinayesa kulowa m'akaunti yanga yakale, ndipo inakana. Ndinayesa kutsegula yatsopano ku kampani ina, ndinalemba zonse mpaka kumapeto, inakananso. Ndinakhala pa mpando ndili wokwiya, manja akunjenjemera, koma kutacha ndalama za lendi zinali zikadali m'banki. Munthu wa chibaba cha juga amakhala ndi nzeru masana, usiku n'kuzitaya, ndipo GAMSTOP imachititsa kuti chosankha cha masana chija ndicho chilamulire. Ngakhale nthawi itatha, chiletso sichichoka chokha nthawi yomweyo: muyenera kuwaimbira foni nokha, kenako n'kudikira maola 24. Makampani amalamulidwanso kuchotsa dzina lanu pa mndandanda wa anthu owatumizira mauthenga otsatsa, ndipo kwa ine mauthenga olonjeza kubetcha kwaulere aja, amene ankabwera Lachisanu lililonse ngati akudziwa tsiku la malipiro, anasiya pasanapite masiku ambiri.

Pali malo amene GAMSTOP safikako, ndipo munthu ayenera kuwadziwa asanadzinamize kuti watetezeka. Mashopu obetchera a m'misewu ali ndi ndondomeko yawoyawo imene inayamba ndi dzina lakuti MOSES, ndipo makasino ali ndi SENSE, kotero muyenera kulembetsa padera. Makampani akunja opanda chiphaso cha kuno sakhudzidwa, ndipo ena amadzitsatsa poyera kuti iwo sali pa GAMSTOP, kutanthauza kuti akusaka anthu amene anavomera kale kuti akudwala. Kwa ife Amalawi palinso khomo lina lakuseri: makampani obetchera a kumudzi sali pansi pa malamulo a kuno, ndipo n'zosavuta kutumizira mphwanu ndalama kuti akubetchereni ku Lilongwe. Ine ndinawonjezera zinthu ziwiri. Ndinaika Gamban pa foni, pulogalamu imene imatsekereza masamba a juga, imene ndinaipeza kwaulere kudzera mu TalkBanStop, mgwirizano wa GamCare (bungwe lothandiza anthu ovutika ndi juga), Gamban ndi GAMSTOP. Ndinayatsanso loko wa ku banki woletsa khadi kulipira juga. Monzo inali imodzi mwa mabanki oyamba kuchita zimenezi mu 2018, ndipo munthu akafuna kuchotsa lokoyo amadikira maola osachepera 48. Mabanki ambiri tsopano ali ndi loko wotere.

Vuto lalikulu limene latsala ndi limene GAMSTOP ilibe nalo mphamvu, ndilo kutsatsa. Lamulo la Gambling Act 2005 linatsegulira makampani a juga mwayi wodzitsatsa pa wailesi ya kanema kuyambira mu Seputembala 2007, ndipo kuchokera pamenepo juga inalowa mu mpira mpaka kukhala ngati mbali ya masewerowo. Pali zina zimene zasinthako. Mu Ogasiti 2019 makampaniwo anagwirizana okha kuti asamaonetse malonda awo pa kanema kuyambira mphindi 5 masewero asanayambe mpaka mphindi 5 atatha, ngati masewerowo ndi a nthawi isanakwane 9 koloko usiku. Mu Okutobala 2022 kunabwera lamulo loletsa kugwiritsa ntchito osewera mpira otchuka ndi anthu ena okopa ana potsatsa juga. Mu Epulo 2023 matimu a Premier League anagwirizana zochotsa maina a makampani a juga pachifuwa cha majezi ikatha nyengo ya 2025/26, ngakhale kuti mu nyengo ya 2024/25 matimu 11 mwa 20 anali akadali ndi maina otere pachifuwa. Mgwirizanowu sukhudza mkono wa jezi, ndiponso sukhudza zikwangwani zowala zozungulira bwalo, zimene kamera imazijambula kwa mphindi 90 zonse.

Tsiku lina tikuonera mpira pa balaza, mwana wanga wa zaka 9 anawerenga mokweza dzina la kampani ina limene linkayenda pa chikwangwani kuseri kwa golo, n'kundifunsa kuti, "Adadi, amenewa amagulitsa chiyani?" Inali kampani imene ndinasiyako ndalama za feteleza zija. Ndinamva mtima ukugunda monga unkachitira ndikamadikira chigoli chomaliza pa tikiti, ndipo ndinadzuka kupita kukhitchini ngati ndikukatunga madzi. Panali patatha chaka chathunthu ndisanabetche. Amene sanadwalepo matendawa amaganiza kuti chikwangwani ndi utoto chabe, koma kwa ife chili ngati fungo la kachasu kwa munthu amene anasiya mowa dzulo. Boma likundiuza kuti ndidziletse, ine ndamvera, komabe limalola kuti andiitanire pa basi, pa wailesi ndi pa jezi ya timu imene mwana wanga amaikonda.

Maiko ena anasankha njira yolimba. Italy inakhazikitsa lamulo lotchedwa Decreto Dignità mu 2018, loletsa pafupifupi kutsatsa konse kwa juga, ndipo mu 2019 chiletsocho chinafika pa thandizo la ndalama limene makampaniwa ankapereka ku matimu. Spain inalola malonda a juga pa kanema ndi pa wailesi pakati pa 1 koloko ndi 5 koloko m'bandakucha basi. Belgium ndi Netherlands anayamba ziletso zawo pa 1 Julayi 2023. Otsutsa amanena kuti matimu ang'onoang'ono adzasowa ndalama, ndiponso kuti anthu adzathawira ku makampani opanda chiphaso. Mfundo yachiwiriyi sindiipeputsa, chifukwa makampani amenewo ndawaona ndi maso anga, koma mankhwala ake ndi kuwatsekereza iwowo pa intaneti ndi ku mabanki. Mfundo ya ndalama inanenedwanso pa nkhani ya fodya. Ndikunena izi ngati mwana wa mlimi wa fodya, amene sukulu yake inalipiridwa ndi mabelo a ku okushoni: Britain inaletsa kutsatsa fodya ndi lamulo la 2002, maina a ndudu anachoka m'masewero a snooker ndi mu mpikisano wa magalimoto wa Formula One, koma masewerowo sanafe, anapeza ena owathandiza.

Nkhaniyi imafikanso kwathu, chifukwa mpira wa Premier League umene ndimaonera kuno ndi womwewo umene achinyamata amaonera m'timashedi ta vidiyo ku Ndirande ndi ku Kawale, ndipo maina a pa zikwangwani aja amawafikira iwonso, kumene kulibe GAMSTOP yowagwira dzanja.

Kwa amene akuganiza zolembetsa, ndikuti lembetsani, ndipo sankhani zaka 5, chifukwa miyezi 6 imatha chibaba chisanathe. Chitani pamodzi ndi Gamban ndi loko wa ku banki tsiku lomwelo, pali munthu amene mumamukhulupirira atakhala pambali panu, ndipo imbani foni ku National Gambling Helpline ya GamCare, imene ndi yaulere ndipo imayankha usana ndi usiku. Ine mpira ndinabwereranso kuonera, koma ndimatsitsa mawu nthawi yopuma ikakwana, foni imakhala m'chipinda china, ndipo masewero oyamba mochedwa usiku, amene malonda a juga amaloledwa kulowa pakati, ndimangomva zotsatira zake m'mawa. Feteleza wa chaka chino tinatumiza mu Okutobala, mvula isanagwe.