Galaja yokweza ma pick-up: anayamba ndi buku la waranti, sipanala pambuyo

Galaja imeneyi ntchito yake ndi kusintha magalimoto. Amaika mashoko ndi masipuling'i okweza, matayala akuluakulu, zitsulo zakutsogolo, komanso amalowetsa pulogalamu ina mu kompyuta ya injini, ija amati ECU, kuti mphamvu zichuluke. Ine ndinapita ndi pick-up yanga ya dizilo, waranti yake ya zaka zitatu kapena makilomita 100,000 isanafike ndi pakati pomwe. Ndinkafuna ziwiri: isamakhule pansi ndikaisenzetsa katundu, komanso isamawefuke pokwera mtunda ikukoka ngolo.

Mwini galaja asanatsegule boneti anandipempha buku la waranti. Analiwerenga chala chili pamzere, n'kundionetsa ndime yonena kuti kampani siidzalipira chilichonse chowonongeka chifukwa cha zida kapena kusintha komwe iyo sinavomereze. "Bwana, mashoko ndikuikirani lero lomwe," anatero. "Koma za kompyuta, mukagone nazo kaye."

Kufotokoza kwake ndi kumene kwandilembetsa ndemangayi. Ambiri timaganiza kuti ukangosintha kanthu, waranti yonse yapita. Sizili choncho kwenikweni. Ukakweza galimoto kenako wailesi n'kufa, wogulitsa galimoto alibe chifukwa chokanira kulipira, poti wailesi ndi mashoko n'zosakhudzana. Chimene umataya ndi chitetezo cha chida wasinthacho ndi zonse zimene chingathe kuwononga. Ku United States kuli mpaka lamulo la 1975, Magnuson-Moss Warranty Act, lomwe limaletsa kampani kukana waranti chabe chifukwa mwini waika chida cha kampani ina. Koma lamulolo ndi la kumeneko, ndipo ngakhale komweko, pamene mukukokanakokana kuti chalakwa n'chiyani, galimoto imakhala ili pa jeke, inu mukuyenda wapansi.

Ndiye funso ndi lakuti chosinthacho chimafika patali bwanji. Kukweza kumakhudza mashoko, mabering'i a matayala ndi ma CV joint (mfundo zolumikiza ma shaft ozunguza matayala), chifukwa ma shaft akutsogolo amayamba kugwira ntchito atapendekeka kuposa mmene anawakonzera. Zimenezo zikafa, thumba limalira koma munthu umapirira. Pulogalamu ya injini ndi nkhani ina. Imawonjezera mafuta ndi mphepo ya turbo (chida chokankhira mphepo mu injini), ndipo mphamvu yowonjezekayo imadutsa m'mapisitoni, mu kilachi, mu giyabokosi mpaka ku difu, yomwe imagawira mphamvuyo ku matayala. Apo ndiye kuti waika pachiswe zida zonse zodula kwambiri, zomwe ndi chifukwa chenicheni chokhalira ndi waranti.

Ndinamufunsa zimene aliyense amafunsa: bwanji osangobwezera pulogalamu yakale tsiku lopita ku sevisi? Anaseka. Makompyuta ambiri a injini amasunga chiwerengero cha nthawi zimene alembedwamo, ndipo kubwezera zakale sikufufuta chiwerengerocho. Volkswagen ndi Audi ali ndi chizindikiro chawo, TD1, chomwe chimalembedwa pa mbiri ya galimoto makina awo akazindikira kuti pulogalamu inasinthidwa. Timabokosi towonjezera mphamvu tomangirira pa mawaya a injini, tomwe amati ungochotsa basi, iye anati amagulitsa, koma sangalonjeze munthu kuti sitisiya mapazi. Wamalonda wodzichotsera yekha ndalama m'manja chonchi sapezekapezeka.

Choncho ndinakweza galimoto ndi mamilimita 40 n'kusintha matayala, kuchoka pa 265/65 R17 kupita pa 265/70 R17. Kompyuta sitinaikhudze.

Ntchito ya manja ndi yaukhondo. Bawuti iliyonse akaimanga ndi sipanala yoyezera, mnyamata wake ankaidutsitsa kamzere ka penti yachikasu kuchoka pamutu mpaka pachitsulo, kuti ikadzamasuka ndidzaone ndi maso mzere utasemphana. Mashoko ndi masipuling'i akale anawapukuta, n'kuwaika m'katoni atalemba lakumanja ndi lakumanzere. Anandipatsanso pepala la alignment (kuwongola maimidwe a matayala) losonyeza manambala asanayambe ndi atamaliza. Pamsewu wa mabampu galimoto yasiya kudumphadumpha kumbuyo, ndipo ndikaisenzetsa siigwadanso. Mafuta ikumwa ochulukirapo pang'ono kuposa kale, zomwe ndinkayembekezera ndi matayala olemera.

Zodandaula zilipo. Nyali sanaziwongole, moti usiku woyamba oyendetsa anzanga ankangondiphethirira mpaka ndinabwerera kuti akazitsitse. Sanandiuzenso kuti tayala latsopanoli ndi lalikulu ndi pafupifupi 3 peresenti, kutanthauza kuti muvi ukaloza nambala yomweyo, liwiro lenileni limaposa la kale, ndipo makilomita amawerengeka ochepa kuposa omwe wayenda. Pa galimoto yomwe waranti yake imayendera makilomita, imeneyo si nkhani yoti munthu azidziwira yekha. Za inshuwalansi sanatchule n'komwe, chonsecho kusintha kotere kumafunika kuwauza a inshuwalansi, apo ayi angadzakane kulipira pa ngozi.

Chinanso muwerenge bwino ndi pepala la waranti yawo. Limateteza zida zimene aika ndi ntchito yawo basi. CV joint ikadzatha msanga chifukwa cha kukwezako, wogulitsa galimoto adzaloza galaja, galaja idzaloza pepala lake, ndipo wolipira ndidzakhala ine. Izi mwini galaja anavomera nditamufunsa, koma pa pepalapo zalembedwa m'tizilembo tating'ono kwambiri.

Nditapita ku sevisi yotsatira, wolandira magalimoto anazungulira pick-up, n'kulemba pa khadi kuti suspension (mashoko ndi masipuling'i) ndi matayala si zoyambirira. Ndinamupempha kuti andilembere zomwe zatuluka mu waranti, ndipo analemba za kunsi kwa galimoto zokha. Injini ndi giyabokosi zikadali zotetezedwa. Pamtunda ndi ngolo ndikutsikabe giya ngati kale, ndipo ndizitero mpaka waranti ithe. Ikadzatha ndidzabwerera ku galaja yomweyi kukamva za pulogalamu ija, koma ndidzayamba ndafunsa ngati kilachi yanga ingaipirire.