Zomba Plateau ndi ana ndi agalu: njira ya ku Williams Falls ndi yabwino, koma tengani gaidi

Amene mukusaka kokayenda banja lonse, ana, agogo mpaka agalu omwe, ine ndikuti yambani ndi njira yochokera pa damu la Mulunguzi kukafika ku Williams Falls pamwamba pa phiri la Zomba. Ilibe zitunda zoopsa, nthawi yambiri mumangotsata mtsinje mumthunzi, moti mwana wa sitandade 2 atha kufika osalira bola musamuthamangitse. Ife tinapita Loweruka, ine, mayi akunyumba, ana, apongozi anga ndi agalu athu awiri.

Mukafika pamwamba cha pa Sunbird Ku Chawe mupeza anyamata operekeza alendo, magaidi aja. Ambiri amati aaa nkutaya ndalama chabe, njira yake si yongotsata madzi, koma m'nkhalango muja muli tinjira tambirimbiri, tina ta otola nkhuni tina ta ocheka matabwa, ndipo tonse timaoneka ngati tolondola mpaka mutazindikira kuti mtsinje sukumvekanso. Mtengo gwirizanani musananyamuke, munenenso kuti akufikitsani pati ndipo mubwerera njira iti, zikatero palibe kukangana pamapeto.

Wathu anatisangalatsa zedi. Atangoona kayendedwe ka apongozi anawatolera ndodo nkuti agogo tiyeni pang'onopang'ono, phiri silithawa ili, ndipo ulendo wonse amayenda liwiro la iwowo osati la ana. Anatidutsitsa pa Mandala Falls, kenako pa Trout Farm pomwe anafotokozera ana za nsomba za trout zimene azungu anabweretsa nthawi ya atsamunda poona kuti madzi a m'phirimu ndi ozizira. Mitengo amaidziwa maina, mbalame akangoimva kulira wayitchula kale, ana mafunso osatha iye osatopa kuyankha. Ntchito ngati imeneyi munthu sudandaula kulipira, ndinamuonjezera ndi mtima wonse.

Tsopano nkhani ya agalu, apa ndiye mvetsani abale. Galu akhale pachingwe basi, olo akhale womvera bwanji kunyumba. M'phirimu muli anyani, ndipo galu akawaona mutu umasokonekera, amangoti ndithamangitse, pomwe nyani wamphongo mano ake ndi oti galu wanu sabwerako bwino. Gaidi anawaona ife tisanaone kalikonse nkutiuza kuti tifupikitse zingwe, tinadutsa mwakachetechete. Chinanso chimene anthu sachiganizira ndi amayi osenza nkhuni ndi abambo otsetsereka ndi njinga zodzadza mitolo, munthu wasenza katundu wolemera choncho galu akangomuthamangira kugwa kwake nkoopsa, ndipo iwowa ali pantchito pomwe ife tangobwera kudzasangalala. Apatukireni, galu mugwire pafupi, muwapatse moni adutse.

Pa damu paja musalole galu kulowa m'madzi, amenewo ndi madzi amene anthu a mumzinda wa Zomba amamwa kudzera ku Southern Region Water Board. Katemera wa chiwewe akhale wabayitsa musanapite. Mukabwerako mufufuze bwinobwino nkhupakupa m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala, athu tinawapeza nazo, chisoso ndiye chinachita kumatirira ubweya wonse.

Pa Williams Falls penipeni ndi pokongola, madzi amatsika pamiyala ngati masitepe, ozizira kuchita kulasa m'mafupa koma ana anakana kutulukamo. Miyala yake ili ndi ndere, ndi yoterera, ndiye wamng'ono mumugwire dzanja. Apongozi anakhala pamwala ndi tiyi wa mufulasiki, sanafunenso kunyamuka.

Zimene zinandipweteka mtima ndi ziwiri. Pamathithi pomwepo tinapeza mabotolo ndi majumbo otayidwa ndi anthu obwera ku pikiniki, zoona munthu wakwera phiri lonseli kudzaona malo abwino nkusiyapo zinyalala? Tinatola zimene tinatha. China ndi malo amene mitengo ya paini inadulidwa, pena moto unadutsapo, mumachoka mumthunzi mwadzidzidzi nkupezeka pambalambanda dzuwa lili phwee, agalu malilime panja. Amene munapitako kalekale mukaona kusintha, ndipo gaidi wathu naye amaiyankhula nkhaniyi modandaula chifukwa nkhalangoyi ndiyo imamudyetsa.

Emperor's View ndi Queen's View ndi patali kwa ana ang'ono ndi agogo, ife tinapitako pagalimoto titamaliza kuyenda, msewu wake ndi wafumbi wofuna galimoto yokwera. Koyambako kunatchulidwa dzina pokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anabwera mu 1965, kwinako ndi Queen Mother wa ku Britain mu 1957. Kukakhala kopanda nkhungu mumaona tauni yonse ya Zomba pansi, nyanja ya Chilwa, mpaka phiri la Mulanje. Ku Chingwe's Hole sitinapite dala, dzenje lakuya lija ndi ana othamangathamanga komanso agalu ine mtima sunalole.

Nyamulani majuzi olo kumusi kukutentha, phirili nsonga yake imapitirira mamita 2,000 ndipo mu June ndi July chiperoni chikabwera simuona ngakhale mnzanu ali patsogolo. Nsapato zikhale zogwira pansi osati masilipasi. Ndalama zapamanja musaiwale, za pageti, za gaidi, ndi za zipatso zimene amagulitsa mumsewu, ma strawberry, mabulosi, magalagadeya malinga ndi nyengo yake. Lawirirani m'mawa kuti pofika masana mukhale mwabwerera kugalimoto agalu asanatope ndi dzuwa.